Dzina Limene Mayi Ankadikira

Inu amene mwatopa ndi kukhetsera ena thukuta, imvani za Labib Tadros, mnansi wanga wa ku Shubra, dera lina la mumzinda wa Cairo.

Labib analemba mafilimu oseketsa asanu ndi anayi, Cairo yense n'kumafa nalo phwete, koma dzina lake silinaonekepo pa mafilimuwo. Linkaoneka linali la Abduh Sirag, katswiri wa zisudzo, munthu woti ngakhale kalata ya kwa mlamu wake ankachita kulemberedwa.

Mayi ake a Labib sankadziwa kuwerenga. Ankazindikira dzina limodzi lokha, la mwana wawo, lomwe iye anawalembera pabokosi la machesi. Filimu ikatuluka ankavala diresi lawo lakuda n'kukakhala kutsogolo m'nyumba yoonetsera mafilimu, bokosi lili m'manja, kumafananiza ndi mayina odutsa pachinsalu. Anthu akuseka, iwo ali duu.

"Mwina ndinaphethira, mwana wanga," ankatero pobwerera.

Labib akadandaula, Abduh ankamusisita paphewa n'kumuuza kuti anthu amabwerera nkhope, sabwerera pensulo. Labib ankangoti chabwino bwana.

Masiku amenewo nkhani inkalembedwa filimu ikujambulidwa, ndipo m'mawa uliwonse Labib ankabwera ndi masamba a tsikulo. Pa filimu yachikhumi anabweretsa onse mokhulupirika. Tsiku lojambula mapeto anafika chimanjamanja.

"Masamba ali kuti, iwe?" anafunsa Abduh.

"Ali m'mutu mwa wolemba filimuyi, bwana. Si inu kodi?"

Abduh anayesa kupeka yekha masiku atatu. Ngakhale ogwira magetsi, anthu oseka chilichonse, sanamwetulire. Tsiku lachinayi mwini kampani yopanga filimuyo anatumiza galimoto ku Shubra kukatenga Labib.

Dzina la Labib linatuluka pafilimuyo, lalikulu bwino. Linadzatulukanso pa mafilimu ena makumi atatu, mpaka Labib akalowa m'nyumba ya khofi anthu ankamuimirira.

Koma pofika tsiku loyamba kuonetsa filimu yachikhumi ija, ng'ala zinali zitaphimba kale maso a mayi. Labib anawatenga ndithu, n'kuwakhazika pampando wawo wakutsogolo. Dzina litafika anawafinya dzanja.

"Laoneka?"

"Laoneka, amayi."

Mayi anasisita bokosi lija ndi chala. "Likufanana ndi la pamachesi?"

Mpaka lero zimandiwawa. Luso anali nalo kuyambira filimu yoyamba, chinamuchedwetsa ndi ulemu wopusa uja wa chabwino bwana. Ndiye limbikirani, musataye mtima, koma kumbukirani kuti fumbi ndiwe mwini. Itanitsani dzina lanu amene akulidikira adakali ndi maso.