Peni ya Golide ndi Chala cha Bambo

Pali kalaliki wina amene ndimadana naye mpaka lero, ndipo sindibisa. Tikakumana pamsika wa matemba ndimayang'ana kumbali.

Nkhani yake ndi ya peni. Bambo anga anakalamba osadziwa kulemba dzina lawo. Moyo wawo unathera m'matope a mpunga kwathu kwa Mwambo, ndipo paliponse pofuna siginecha ankapereka chala chachikulu kuti achipake inki. Ankabwera kunyumba chala chili bii, n'kumachikhula ndi mchenga kuseri kwa nkhokwe kuti adzukulu asaone. Ine mwana wawo, mphunzitsi wathunthu, zinkandiwawa.

Maondo atafooka, anaganiza zosiyira achemwali anga munda wawo, ndipo panafunika kukasaina fomu ku ofesi ina. Anandiuza kuti ulendo uno akufuna kulemba ndi dzanja lawo, kamodzi kokha asanafe. Apa mpamene ndinachita misala. Ndinatuma mnzanga wopita ku Joni kuti akandigulire peni ya inki, yeniyeni, ya nsonga yagolide, ija amati nibu. Ndalama zakezo bwenzi nditagula njinga yatsopano, ndipo mkazi wanga anatha sabata osandiyankhula.

Koma inali peni ndithu. Nibu yake inali yofewa: ukamatsitsa mzere inkatseguka pang'ono n'kulemba monenepa, ukamakweza inkatseka n'kulemba moonda ngati ulusi. Sinkafuna mphamvu. Bambo, ndi dzanja lawo lozolowera khasu, tsiku loyamba anaboola pepala. Miyezi iwiri tinkakhala pakhonde ndikaweruka kusukulu, ine n'kumawauza kuti asakanikize, aigwire monga amagwirira mbande powokera. Mapeto ake dzina lawo linkatuluka lokongola kuposa langa.

Tsiku lokasaina bambo anavala jekete la kutchalitchi, ndinawakweza panjinga. Kalalikiyo anali wa msinkhu wanga, wa aja oyankhula ndi munthu maso ali pafoni. Atangoona imvi anakankha kale kabokosi kodindira zala. Bambo anapukusa mutu, natulutsa peni m'thumba la jekete. Analemba pang'onopang'ono, lilime lili panja, osalakwitsa chilembo n'chimodzi chomwe.

Kalalikiyo anatukula pepala. Fomuyo inali ya mapepala atatu, pakati pali kaboni, ndipo ine ndi uphunzitsi wanga wonse sindinaganizeko zimenezo. Mapepala apansiwo anali mbee, chifukwa bambo anachita ndendende zimene ndinawaphunzitsa.

Ndinapempha kuti asaine pepala lililonse palokha. Sizikanatenga nthawi. Iye anati pamzere pali anthu, ndipo ofesi yake si sukulu ya kwacha. Anatsomphola peni m'manja mwa bambo kuti awaonetse mmene anthu amalembera, n'kuikanikiza ngati bolopeni ya pagolosale. Nibu inakanganuka, mano ake awiri lina uku lina uko, inki n'kukhuthukira pa dzina lonse lija mpaka patebulo.

Kupepesa sanapepese. Anati zinthu zodula n'zosalimba, nasolola fomu ina. Ndikanamumenya, koma munda wa achemwali unali m'manja mwake, choncho ndinangomeza malovu. Penapo ndimadzida ndekha chifukwa cha chimenechi. Peniyo ikadali m'sutikesi yanga, ndipo sindinafunepo kuikonzetsa.

Ndinapatsa bambo bolopeni yanga kuti ayeserenso, koma ena pamzere ankaseka chapansipansi. Bambo anandibwezera.

"Musavutike, aphunzitsi," anatero bambo. "Chala chilipo."

Kabokosi kaja kanali kouma. Kalalikiyo anagwira chala cha bambo ngati cha mwana, nachiviika mu inki ya peni yanga imene inali patebulo, n'kudinda katatu.

Ndinawakwezanso panjinga kubwerera kunyumba. Titafika, anatsika panjinga, navula jekete, n'kutapa mchenga kupita nawo kuseri kwa nkhokwe.