Nambala 47 Musaikhudze

Lachiwiri kalekoda kanga kanandikanira. Ndi kamakina kakang'ono ngati bokosi la machesi, kamene mwana wanga Jesi, mphunzitsi ku Nsaru, anandigulira kuti ndizijambulira kwaya ya amayi kutchalitchi. Ndikadina batani lofiira, iko kamangophethira. Kadzaza.

Anabanda, otsogolera kwayayo, anali chilili pakhomo.

"Agogo, Loweruka tili ndi nyimbo zisanu zatsopano. Akuti pali podina kamodzi, zonse n'kufufutika. Kodi mukusungamo chiyani, mbewu?"

"Pitani mayi. Mtedza wanga ndimasankha ndekha wowola."

Vuto la kamakinaka, sikadziwa mayina. Chilichonse kamachitcha nambala, ngati odwala pamzere. Ndiye ndinakakhala m'chigafa cha fodya, khala lolembera m'manja, kumvetsera imodziimodzi. Yoti ipite ndinkailemba pamzati.

Abale inu, ine ndimati ndinkajambula nyimbo. Ayi ndithu. Zambiri kanajambula kokha m'thumba, batani likadinika ndi ntchafu. Nambala 12: tcheni cha njinga panjira ya ku Kabudula, ine ndikupuma ngati ng'ombe yapangolo. Nambala 30: mvula yoyamba pamalata. Kunja dzuwa likuswa mtengo, koma fungo la dothi lonyowa ndinalimva. Ndinatseka maso, chaka chatha chinabwera n'kukhala pambali panga.

Kenako 47.

"Inu abambo a Jesi! Mbuzi zikudya mtedza muli pomwepo? Maso amenewo ngobwereka eti?"

Anaphiri. Akazi anga, amene tinawaika m'manda chaka chatha. Chapatali tambala akulira, lichero likugwa, kenako kuseka kwawo kuja kobisa, kosafuna kuti ndidziwe kuti andikhululukira kale.

Khala lija ndinaliika pansi.

Kuno kwathu munthu akatisiya timagawana zitenje, mapoto, ngakhale khasu lakutha. Nanga mawu amatenga ndani? Timathamangira kujambula alaliki, andale, akwaya atavala zofanana. Koma amene amatikalipira m'mawa ndi masana sitiwajambula, poganiza kuti mawa atikalipiranso.

Malo anapezeka, musadandaule. Ndinafufuta zolankhula zanga zonse: za paukwati, za pamaliro, za kukalabu ya fodya. Nzeru zanga zodzaza nkhokwe, zonse zii! Mpaka lero palibe walira.

Loweruka amayi akwaya anaimba, kalekoda kali m'manja mwanga, osati mwa wina.

"Ndigwireko agogo," anatero Anabanda.

"Gwirani, koma 47 musaikhudze."

"Ndi nyimbo yanji imeneyo?"

"Ya mbuzi. Inu simungaifike, ndi yokwera kwambiri."

Inu amene mukukalipiridwa lero chifukwa cha ndowa kapena nkhuni, mukunyinyirika chiyani? Mwasunga kuti mawu amenewo?

M'mawa uno mbuzi zabweranso pamtedza woyanika. Ndinaziona bwinobwino, koma sindinadzuke msanga. Ndinayamba ndadina 47, Anaphiri andikalipire kaye. Kenako ndinatenga ndodo.