Uthenga wa Maliro Umene Udadzera pa Foni

Foni ya pa positi inali yakuda, yolemera, ndipo inkanunkha fodya wa anthu onse amene adalankhulirapo. Ndidaigwira kamodzi kokha, chaka chimene mng'ono wanga adamwalira.

Inali nyengo yokumba kachewere kwathu ku Tsangano, chisanu chikung'amba milomo. Abambo kunalibe. Tsiku lina pa mowa adanena kuti khadi la chipani silikhutitsa mwana, wina n'kukawanenera, basi adathawa. Ankabisala ku Limbe, akusoka zovala pakhonde la sitolo ndi dzina lina. Nambala ya sitoloyo ankaidziwa amayi ndi amalume okha, koma sankaiyimba. Masiku amenewo ndani sankadziwa kuti boma limamvetsera pa foni? Kalaliki akakulumikiza, unkamva kupuma kwa munthu wachitatu wosapereka moni.

Mwanayo adangotentha thupi, n'kutisiya asanayambe n'kuyenda komwe. Amayi adati tingoika, mwini wake adzamva pambuyo. Amalume adakana kwamtuwagalu.

"Mlongo, mwana wa mwini saikidwa ngati nkhuku. Bambo wake amve kaye."

Popeza namfedwa sachoka pamaliro, amalume adanditenga ine kupita ku boma. Nzeru yawo inali yakuti mawu a kamtsikana palibe angawaganizire. Njira yonse pa lole ankandibwerezetsa zokanena. Amalume sanali munthu woipa, ayi. Ankangoopa mwambo kuposa boma, ndipo mpaka lero ndimalephera kuwakhululukira kapena kuwada.

Adandikweza pa benchi kuti ndifikire. Nditamva mawu a abambo, ndidanena monga adandiphunzitsira amalume.

"Kamwana kaja katisiya. Amayi akuti musavutike n'kubwera, tiika mawa."

Abambo asanayankhe, ndidamumva munthu wina uja akumeza malovu. Lero ndili ndi foni yangayanga, adzukulu amandiseka kuti ndimanong'ona ngati mbala. Alekeni aseke, sadamvepo zimenezo.

Kutacha, galimoto la boma lidaima pansi pa bulugama pafupi ndi manda, muli amuna ovala majekete aatali. Ine ndinkayesa abwera kudzatipepesa, mwinanso ndidanyadira pang'ono kuti maliro athu afika ndi galimoto. Azimayi adatsitsa nyimbo. Dzuwa litakwera, abambo adatulukira m'minda ya kachewere, mathalauza ali chisoso chokhachokha, ataonda zomvetsa chisoni.

Amuna aja sadapupulume. Adawaleka abambo kuti anyamule kabokosiko, adawaleka kuti aponye dothi. Anthu atasamba m'manja, mmodzi wa amuna aja adangowagwira abambo pachigongono mwaulemu, ngati akuperekeza mlendo. Sitidawaonenso. Manda a mng'ono wanga timalambula chaka ndi chaka, koma a abambo sitidziwa kumene ali.

Komatu chimene chidandipweteka tsiku limenelo si galimoto. Abambo atangofika pakhomo, ine ndikuwakoka dzanja ndi chimwemwe, amayi adadzuka pamphasa n'kuyamba kuwamenya pachifuwa ndi nkhonya zonse ziwiri, anthu akuona.

"Mwabwereranji inu? Mwabwereranji? Mmodzi sadakwane?"

Ndidawakwiyira amayi nyengo yonse yachisanu ija. Ndinkakana ngakhale kufunda nawo bulangete limodzi. Ndinkati mumtima mwanga, munthu wayenda ulendo wonsewo kudzalira mwana wake, iwo osamufunsa n'komwe kuti wayenda bwanji.