Chaka Chimene Ndinaponda Masamba

Belu lija ndikali nalo. Limakhala m'chitini pawindo, pamodzi ndi misomali yopindika ndi dzino langa limodzi lomwe ndinakana kutaya. Kulira linasiya. Ukalikankha ndi chala limangoti khwe, ngati nkhalamba inzanga ikukonza kukhosi m'tchalitchi. Linali la njinga ya amalume, yakuda, yolemera ngati ng'ombe, yomwe anabwera nayo kuchokera ku Halale.

Masiku ano pamsewu wathu pamadutsa anyamata a m'tauni pa tinjinga toonda, atavala akabudula othina ndi zipewa zonga chigoba cha kamba. Sanyamula kanthu, ngakhale nkhuku. Wina anaima pakhomo panga kupempha madzi, nati, "Agogo, muli ndi mwayi, mapiri anu ndi okongola." Ndinamuyankha kuti amakongoladi ukakhala ulibe thumba la kachewere kumbuyo. Anaseka. Ine ndinali nditayamba kale kukumbukira zina.

Abambo anapita ku Joni ine ndili kumsana, natchona komweko. Tinatsala awiri, amayi ndi ine, ndipo wotiyang'anira anali amalume, mlongo wawo. Chaka china, ine nditayamba kale sukulu, amayi anayamba kutsokomola chimanga chisanache. Anasiya kupita kudimba, kenako kuchitsime, kenako ngakhale pakhonde. Pofika nyengo ya chisanu ndinkangowamva kuseri kwa chitseko, mawu atachepa ngati a mwana.

Sukulu ine ndinkakhala nayo monga munthu ndi apongozi ake, kulonjerana patali. Aphunzitsi anali ndi mkwapulo wa mtengo wa pichesi, ndipo miyendo yangayi inkaudziwa bwino kuposa mmene mutu unkadziwira samu. Choncho amayi atandiitanira pakhomo la chipinda n'kunena kuti ndizitsagana ndi amalume kumsika wa Mayani, sindinafunse kawiri.

"Usalowe, ima pomwepo," anatero. "Pita, akakuphunzitse njinga. Tsiku udzapalase wekha, udzalize belu. Ndidzatuluka kudzakuona."

Ndinayesa kuti andikondera. Pano ndikudziwa kuti ankandichotsa pafupi ndi chifuwa chija, ndiponso pafupi ndi kansalu komwe ankabisa pansi pa mphasa. Koma mwana ukamuuza za belu, amamva za belu basi.

Tinkanyamuka nkhungu ikadali m'zigwa. Amalume ankamanga matumba a kachewere pakaliyala ndi malamba odula ku chubu chakutha. Pachitunda iwo ankagwira mahandulo, ine ndinkakankha kumbuyo, mphuno ili m'thumba, ndikununkhiza dothi lonyowa. Mapazi anali ming'alu yokhayokha, zala zitauma moti sindinkazimva. Ukati wafika pamwamba, chitunda china chakudikirira kale kutsogolo. Msewu unali zii, kungomva tcheni, njiwa, ndi nkhwangwa ya munthu wosaoneka cha ku Chongoni.

Koma mtsetse, abale anga. Ankandikhazika pamwamba pa matumba, ine nditakumbatira chiuno chawo, mphepo ikutulutsa misozi m'maso. Mabuleki anali atatha kalekale. Pofuna kuima amalume ankatambasula mwendo n'kukanikiza nsapato yawo ya tayala patayala lakutsogolo, fungo la mphira wopserera n'kudzaza m'mphuno.

Chinthu chimodzi chokha chinkationongera mitsetse: masamba. Mwambo wake mukuudziwa. Pamudzi pakagwa maliro amayala nthambi zaziwisi pamsewu, uku ndi uko, ndipo wapanjinga aliyense amatsika, kuvula chipewa, kuyenda wapansi mpaka atapitirira masamba achiwiri. Chisanu chimenecho tinawapeza kawirikawiri. Ine ndinkanyinyirika kuti anthu akwathu sadziwa kusankha pofera, onse amafera pamtsetse wabwino. Tsiku lina ndinanena mokweza. Amalume sanandimenye. Anangoyang'ana masamba aja nthawi yaitali, chipewa chili pachifuwa, ngati munthu amene akuyeza malaya omwe akudziwa kuti adzavala.

Pobwerera, matumba atapepuka, ndi pomwe ankandiphunzitsa, pamalo athyathyathya pafupi ndi dambo. Chishalo sindinkachifikira. Ndinkalowetsa mwendo pansi pa chitsulo chapakati, thupi lonse lili lende mbali imodzi ngati katundu womangidwa ndi chidakwa. Iwo ankagwira kaliyala n'kumathamanga pambuyo, akupuma ngati mvukuto.

"Yang'ana kutsogolo, usayang'ane mapazi."

"Nanga poima, amalume?"

"Poima ndilipo ine."

Madzulo ndinkakanena pakhomo la chipinda zonse za tsikulo, ndikuwonjezerako mabodza pang'ono kuti amayi aseke. Poyamba ankaseka, kuseka n'kusanduka chifuwa. Kenako ankangoti, "Eya, mwanawe." Kenako azakhali a kutsidya anabwera kudzagona nawo, ndipo ndiwo ankandiyankha kuti agona, ndisasokose. Ine ndinaganiza kuti atopa n'kudikira, choncho ndinalimbikira. Maondo onse anali zilonda.

Tsiku lomwe ndikunenalo kunali dzuwa lopanda moto. Tinali tikuchokera ku Mayani, titafika pamwamba pa chitunda chomaliza, pomwe umaona madenga a kwathu m'munsimo. Tinakumana ndi bambo wina wa m'mudzi mwathu akubwera wapansi, alibe chipewa. Anawatengera amalume pambali. Sindinamve zomwe ananena. Ndinangoona amalume akukhala pansi m'mphepete mwa msewu, pafumbi pomwepo, njinga atandisiyira m'manja.

"Ndiyese ndekha?" ndinafunsa.

Anakweza dzanja osandiyang'ana. Kaya ankati dikira, kaya ankati ndisiye, kaya dzanjalo linangodzuka lokha. Ine ndinamva kuti pita.

Ndinalowetsa mwendo, ndinakankha, njinga n'kunyamuka. Sindinagwe. Mitengo ya bulugamu inkathamangira kumbuyo, malaya akuphaphatika, ndipo panalibe wopuma wefuwefu kumsana kwanga. Ndinali ndekha, ndikupalasa. Pamoyo wanga wonse, kuphatikizapo tsiku la ukwati, sindinasangalalepo chomwecho, ndipo akazi anga ndinawauza, anandikhululukira.

Kenako ndinaona masamba, pokhotera kwathu penipeni, aziwisi, ongothyoledwa kumene. Lamulo ndinkalidziwa. Ndinatambasula mwendo kufuna tayala lakutsogolo monga ankachitira amalume, mwendo n'kuperewera. Ndinacheuka. Pakaliyala panalibe dzanja. Masamba aja ndinawaponda, akuti tswatswa pansi pa matayala, ndipo poti kuima kunali kutakanika, ndinati bola ndichite chomwe ndinabwerera. Ndinayamba kuliza belu.

Ndinalowa pabwalo pathu belu likulira, ngiri ngiri ngiri. Panali anthu ambiri, amuna atakhala pansi pa mtengo wa pichesi, akazi atadzaza pakhonde mpaka kuseri. Ndinadutsa pakati pawo, wina n'kupinda miyendo, ndipo ndinakaima pogunda nkhokwe. Ndinadzuka m'fumbi, mlomo ukutuluka magazi, belu litathyoka lili m'manja mwanga.

"Amayi, mwandiona? Ndachokera pamwamba paja ndekha."

Nyimbo yomwe akazi ankaimba inaduka. Ndinaona aphunzitsi akudzuka pakati pa amuna aja, ndipo ndinadziwa kuti zanga zatha: kuthawa sukulu, kuponda masamba, kuliza belu pamaso pa akuluakulu, zonsezo pansi pa mtengo wa pichesi weniweniwo. Ndinakonzekeretsa miyendo. Iwo anagwada, anandisansa fumbi, anandipukuta mlomo ndi mpango wawo woyera.

"Wapalasa bwino," anatero. "Tonse takuona."

Anandigwira dzanja n'kupita nane kunyumba kwawo, kumene akazi awo anandipatsa tiyi wamkaka ndi mbatata yootcha. Masiku amenewo ana sankauzidwa, ndipo kumanda sankapita. Ndinakhala pampando wa aphunzitsi, miyendo ili lende, ndikudya ngati mlendo wolemekezeka, belu lili m'thumba. Ndinkadziuza kuti njinga ndi chinthu chachikulu ndithu, poti munthu ukaidziwa, ngakhale mkwapulo umakuopa. Maliro ndinkati mwina ndi a nkhalamba ina ya kuseri kwathu, anthu angosowa pokhala.

Chinkandiwawa chinali chimodzi. Mudzi wonse unandiona, ngakhale anthu omwe sindinawaitane. Belu ndinaliza mokwanira, kuyambira pamsewu mpaka pankhokwe. Ndinayang'anitsitsa chitseko chija, chinali chotsegula kwa nthawi yoyamba chisanu chonsecho, ndipo amayi sanatuluke. Ndinatsimikiza kuti mawa lake ndikawafunsa chifukwa chake, popeza anali atalonjeza.