Manja a Achisanu

Amayi anga anthu ankawatcha Achisanu. Dzinalo linachokera m'manja mwawo. Ukawapatsa moni unkachita kudzidzimuka ngati wagwira mpopi wachitsulo m'mamawa.

Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi m'khitchini ya kantini ya pa siteshoni ya sitima. Ena ankaphika tiyi, ena kukazinga mazira, koma iwo yawo inali imodzi basi, kupanga payi. Tebulo lawo linali pakona, kutali ndi uvuni, pansi pa zenera losatsekeka bwino limene aliyense ankalithawa. Za m'kati mwa payiyo, kaya nyama kaya maapozi, analibe nazo ntchito kwenikweni. Nkhani yawo inali khoko, ufa wokanda uja umene umakuta payi pansi ndi pamwamba. Lawo ukaliluma linkayoyoka timapepala topyapyala. Oyendetsa sitima ankatuluka m'kantinimo akudzisansa pamtima.

Malamulo awo anali ochepa. Batala akhale wolimba gwa, wochoka kumene mufiriji. Umuduledule, umutikite mu ufa ndi nsonga za zala zokha, tizidutswa take tizionekabe ngati nyemba. Madzi a ayezi, supuni imodziimodzi. Ufa ukangogwirana, chotsapo manja. Poufutukula ankagubuduzapo botolo lodzaza madzi ozizira.

Ine ndiye ndinali tsoka lawo. Manja anga ndi otentha, ndinatengera abambo. Akamandiphunzitsa Loweruka kunyumba, batala ankasungunuka ndisanafike n'komwe pakati, ndipo ine ndi mtima wanga wapachalawu ndinkakanda ngati ndikuchapa bulangete. Amayi ankafika kumbuyo kwanga n'kundigwira pamkono apa, ndi zala zitatu zokha.

“Basi. Usiye.”

Kunena zoona, ndi kundigwira kokhako kumene ndimakumbukira. Anzanga amayi awo ankawaluka tsitsi, kuwasisita pamutu akadwala. Kwathu zimenezo ankachita ndi abambo, ndipo tsitsilo ankaluka moipa zedi. Ndinakula ndikuti amayi sandifuna. Zinkandiwawa, koma sindinawauzepo.

Atapuma pa ntchito sanasiye. Ankakanda ufa wokwanira mwezi wonse, kuugawa mitanda, kuiphwathalalitsa, n'kudinda uliwonse pakati ndi chala chachikulu asanaike mufiriji, m'chipinda choumitsa muja. Ankati akautulutsa, pachidindopo ndi pamene amagwira kuti adziwe ngati wafewa. Lamlungu lililonse abambo ankadya payi.

Anamwalira mwadzidzidzi, ali pampando, epuloni ili m'chiuno. Mufiriji anasiyamo mitanda inayi. Maliro atatha ndinasamukira kwa abambo kuti ndiziwasamala, ndipo mitatu tinaotcha masabata oyambawo. Unatsala umodzi.

Apa ndi pamene abambo anasiya kudya. Masupuni awiri, n'kukankha mbale. Lamba ndinawabowolera kawiri. Adokotala anawayeza paliponse n'kunena kuti matenda palibe, munthuyu angodya. Koma iwo ankangofunsa chinthu chimodzi.

“Payi ija kulibe, mwanawe?”

Ndinayesa yanga katatu. Kachitatuko anaigogoda ndi supuni, go go go, n'kuti, “Odi kuno!” Anaseka pang'ono, ine ndinakalilira kubafa.

Mwina mukuti bwanji osangootcha mtanda womalizawo? Inenso ndinkadzifunsa. Koma chidindo chija chinali chikadalipo, mizere ya chala chawo ikuoneka bwinobwino pansi pa pulasitiki. Kugubuduzapo botolo kamodzi kokha, amayi atheratu m'nyumbamo. Ndinkatsekula firiji masanasana n'kumangouyang'ana, mpaka nkhope kuzizira.

Khitchiniyonso siinkandipatsa mtendere. Botolo lija ndinkaliika m'kabati, mawa lake n'kulipeza patebulo. Mwina anali abambo, sindinafunse. Ndikamatsuka mbale, pamkono apa pankazizira mwadzidzidzi, malo atatu, zenera lili chitsekere. Ndinkaopa, abale. Ndinkati akundikalipirabe ngakhale kumandako.

Lamlungu lina m'mawa abambo analephera kudzuka pampando. Anayesa kawiri, n'kungokhalanso. Ndinati basi, lero uotchedwe. Ndinautulutsa mtanda uja n'kuuika patebulo.

Pofunafuna chitini chootchera, ndinagwada pansi pa sinki. Kumbuyo kwa ndowa ndinapeza beseni loyera, losupuka m'mbali, m'kati mwake muli timathileyi toumitsira ayezi tisanu ndi kamodzi. Nyumba ya anthu awiri, ayezi wambiri chonchi wa chiyani? Pamenepo ndinakumbukira phokoso limene linkandidzutsa ndili mwana, chitseko cha khitchini chili chotseka: khwakhwa, khwakhwa, ayezi akugwera m'beseni.

Ndinaubweza mtandawo mufiriji. Ndinakapempha ayezi kwa mayi woyandikana nafe, kuthira m'besenimo, kuonjezera madzi, n'kumizamo manja.

Mayo ine! Ululu wake unakwera mpaka m'zigongono, mano kuchita kuwawa. Ndinapirira mpaka zala zitasiya kumva kanthu. Zaka makumi atatu ndi chimodzi, m'mawa uliwonse, munthu kumachita zimenezi?

Ndinapukuta manja n'kuyamba. Batala sanasungunuke. Tizidutswa take tinkangoterera pakati pa zala. Ndinathira madzi, supuni yoyamba, yachiwiri, yachisanu, ufa n'kugwirana. Kenako chizolowezi changa chija chinabwera, ndinapinda chibakera kuti ndikande. Zala zitatu zinandigwira pamkono. Sindikunama ayi, ndinazimva. Sindinatembenuke. Ndinachotsapo manja.

Nditakulunga ufawo kuti ukapume mufiriji, ndinaona abambo ataima pakhomo, atagwira chitseko ndi manja onse. Munthu wolephera kudzuka uja.

“Ndinamva ayezi,” anatero. “Ndimayesa ndi amayi ako.”

Anadzikoka mpaka patebulo n'kukhala. Anatenga manja anga, kuwaika pakati pa awo, n'kuyamba kuwatikita pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, ngati munthu wodziwa ntchito yake.

“Iyi inali ntchito yanga akaweruka,” anatero. “Iwe umayesa anabadwa nawo ozizira? Ndikuwafunsira anali otentha kuposa angawa. Beseni ndi limene linawatha, kuno m'mawa, kukantini tsiku lonse. Kenako anangosiya kufunda.”

Anatembenuza dzanja langa n'kupitiriza.

“Uli khanda, akangokukhudza unkalira mpaka kubanika. Ankayesa kuika manjawo m'khwapa, kuwaothetsa pa ketulo, koma iwe ayi ndithu. Tsiku lina anati, ‘Bambo ake, muzimunyamula ndinu, ine ndikumuzunza mwanayu.’ Ukadwala ankaima pakhomo apo, manja atawabisa mu epuloni.”

Ndinalira mokuwa, zimene sindinachite ngakhale pamaliro. Abambo sanandiletse, anangopitiriza kutikita.

Payiyo inapsa cha m'ma leveni. Sinali yokongola, m'mbali munapindika. Koma mpeni utalowa inalira tswa, timapepala n'kumwazika patebulo. Abambo anadya chidutswa chimodzi. Anatola nyenyeswa za pa malaya ndi chala chonyowetsa, n'kundikankhira mbale.

“Onjezera.”

Mtanda womaliza uja udakali mufiriji, ndi chidindo chake. Lamba uja wabwerera pa bowo lakale. Lamlungu lililonse ndimamiza manja m'beseni, ndipo abambo amakhala atadikira kale patebulo, awo atatambasula. Pamkono pamazizirabe nthawi zina, malo atatu omwe aja. Masiku ano ndimaikapo dzanja linalo, n'kukhala choncho mpaka pafunde.