Analemba kuti mwana wanga ndi wa madamu

Ofesi ina ya zamaulendo ku Old Town yalemba pa pepala kuti mwana wanga si wanga. Amayi anzanga a m'gulu lino werengani mpaka pansi, makamaka inu ogwira ntchito m'nyumba za anthu.

Ine ndine Make Tadala, ndimakhala ku Kawale. Ndimalera ana awiri a abwana anga ku Area 49. Tadala wanga ali ndi miyezi isanu ndi itatu, akadali pa bere, ndiye kuntchito ndimapita naye kumsana.

Abwana ndi madamu akhala akukonza tchuthi kuyambira chaka chatha. Akufuna akabwereke ku Lusaka galimoto lija lokhala ngati nyumba, mabedi, pophikira ndi chimbudzi zonse momwemo. Akuti tiziyenda mosathamanga, pomwe tatopa tiima n'kugona, mpaka ku Botswana, masabata atatu. Madamu anati, "Make Tadala, tipitira limodzi, mwana musamusiye." Anandithandiza mapasipoti, yanga ndi ya Tadala, anatuluka bwinobwino. Bambo a Tadala, omwe amagwira ntchito ku Kanengo, analemba kalata yovomereza kuti mwana apite. Zonsezo ndinazisunga mu jumbo.

Chotsala chinali mapepala a ku ofesi ija. Mndandanda wa okwera galimotolo, ndi kalata yokaonetsa pa boda, yonena kuti mwana aliyense makolo ake ndani.

Lolemba 10 koloko tinapita. Madamu patsogolo ndi chikwama chawo, ine pambuyo, Tadala kumsana. Mtsikana wa pa desiki, wa zikhadabo zazitali zofiira, anapatsa madamu mpando. Ine anandilozera benchi ndi cholembera. Kenako anasuzumira Tadala n'kuuza madamu kuti, "Kamwana kanu nkokongola bwanji, kafanana nanu." Madamu anali pa foni, sanamve. Ine ndinamva. Koma ndinazisiya. Wantchito amalowerera bwanji pamene akuyankhula ndi abwana ake? Apo ndiye ndinalakwa, ndikuvomera.

Mtsikana uja anatenga mapasipoti onse. Jumbo yanga anaikankhira pambali, akuti zimenezo nthawi ina. Patapita kanthawi anandikodola. "Asisi, sayinani apa." Chingerezi chokhachokha, tizilembo ngati nyerere. Ndinafunsa kuti pepalali likuti chiyani. Anati n'zongovomereza ulendo, ndifulumire pali anthu. Anthu akewo anali bambo mmodzi, akuwodzera pa nyuzi. Ndinasayina.

Lachitatu envelopu inafika kunyumba. Madamu anaitsegula n'kuisiya pa tebulo. Ndikupukuta tebulolo maso anagwera pa pepala. Ine ndinalekeza Sitandade 7, Chingerezi chimandipita, koma dzina la mwana wanga sindingalisowe. Ndinaona Tadala. Motsatira, dzina la abwana. Pa malo a mayi, dzina la madamu. Langa lili pansi penipeni, palokha, ndi mawu omwe madamu anandimasulira kuti wolera ana. M'munsi mwake mosayina mwanga, dzanja langa lomwe.

Ndinakhala pansi pa simenti. Madamu atawerenga anagwira pakamwa. Anaimba foni pomwepo. Kumeneko akuti bwerani mawa tikonza, ndi nkhani yaing'ono.

Yaing'ono? Tangoganizani. Tili pa boda. Pasipoti ya Tadala ikunena zina, kalata ikunena zina. Adzagwira ndani, abwana a jekete kapena ine wa chitenje? Akanditengera m'kachipinda, mwana adzamupereka kwa ndani? Si kwa amene pepala likuti ndi mayi ake? Madamu ndi munthu wabwino, sindikuwanena. Koma dziko la eni, chiyankhulo sindichidziwa, pepala n'kumanena kuti ndanyamula mwana wa wina. Ndidzalira kwa ndani?

Lero Lachinayi madamu anali ndi msonkhano kuntchito, ndinapita ndekha. Ndinafika 8 koloko itangodutsa. Chitseko anatsegula 8:40. Mtsikana uja akuti ndidikire pa benchi, wokonza mapepala sanafike. 9:30 akumwa tiyi ndi mandasi, makompyuta ali oyaka. 10:15 kunalowa bambo wofuna tikiti ya ndege, anamuthandiza pompo, kumusekerera ndi kumuperekeza pakhomo. Ine ndikungowerenga matailosi.

11 koloko ndinaimirira. Ndinati chonde, ndabwera za pepala la mwana.

"Madamu anu ali kuti? Sitisintha kanthu popanda kasitomala."

Ndinati mwanayo ndi wanga.

Anaseka, osandiyang'ana n'komwe. "Asisi, nonse mumatero mukawazolowera ana a eni."

Amayi, mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinakweza mawu, inde ndinakweza. Mpamene anatuluka manejala, bambo wa mimba, makiyi akulira m'manja. Anamva nkhani n'kunena kuti ndisapupulume, andithandiza ine osadziwa. Akuti pa boda banja limadutsa msanga, koma mwana wa wantchito amafunsa zambiri, ndiye bola zikhale momwemo. Akuti ndi masabata atatu okha, tikabwerako mwana akhalabe wanga.

Mwamva? Andibwereketse mwana wanga masabata atatu kuti mzere ufupike. Wawo angamulembe dzina la oyandikana nawo nyumba kuti minibasi inyamuke msanga?

Ndinakana. Ndiye anati umboni uli kuti woti ndine mayi ake. Ndinakhuthula jumbo pa desiki. Buku la kusikelo, kalata yobadwira, kalata ya bambo ake, pasipoti yomwe anaigwira okha Lolemba osaitsegula bwino. Anangoyang'ana chapatali n'kunena kuti masiku ano mapepala aliyense amapangitsa.

Phokosolo linadzutsa Tadala, anayamba kulira. Sindinabwerere ku benchi. Ndinakhala pa mpando uja anapatsa madamu, ndinamasula chitenje, ndinamuika pa bere pamaso pawo. Mwana anati zii, akungomeza, kadzanja kali pa kolala yanga. Ndinawafunsa kuti, "Abambo, mkakawu nawonso ndapangitsa?"

Mtsikana uja anayamba kulemba pa kompyuta, zikhadabo zikungoti khwakhwakhwa. Wokonza mapepala amene amati sanafike uja anali iye yemwe.

12:50 pepala latsopano linatuluka. Ndinaliwerenga ndi chala, chilembo chimodzichimodzi. Tadala, dzina la bambo ake. Mayi, ine. Pepani sindinamve kwa aliyense.

Ndinati tsopano ndipatseni lakale lija ndinasayina, ndiling'ambe ndekha. Manejala akuti sizitheka, lili mu fayilo, malamulo a ofesi. Ndipo mpamene anaulula kuti lakalelo analitumiza kale pa kompyuta kwa eni galimoto ku Lusaka, Lolemba lomwelo. Latsopanoli atumiza netiweki ikabwera. Netiweki yomweyo inalipo pothandiza bambo wa tikiti ya ndege uja.

Ndiye panopa pali mapepala awiri. Lina likuti Tadala ndi wanga. Lina, lokhala ndi dzanja langa, likuti ndi wa madamu, ndipo lafika kale kunja ife tisananyamuke. Ulendo ndi Loweruka m'mawa.

Ndawauza madamu kuti galimoto la mabedilo sindikwera mpaka ndione zinthu ziwiri: lakale litang'ambidwa, ndi yankho lochokera ku Lusaka loti afufuta. Ntchito ikathera pomwepa, ithe. Madamu akuti mawa tipitira limodzi.

A ofesi inu, ndikudziwa ena mwa inu muli m'gulu lino. Ndiyankheni. Munafunsa ndani kuti mwanayu ndi wa ndani? Jumbo yanga munaikankhiranji? Ndi angati ena munawasayinitsa atakhala pa benchi ija?

Ndipo inu anzanga olera ana, musasayine chinthu mukuuzidwa kuti fulumirani. Kaya Chingerezi simuchidziwa, fufuzani dzina la mwana wanu, muone lomwe lili pambali pake.

Mawa 8 koloko ndili pakhomo panu, Tadala kumsana. Benchi ija mukhalepo nokha. Ndinamva ululu masiku awiri kuchipatala kuti mwanayu abadwe, sindimutaya ndi cholembera cha munthu amene sanandifunse ngakhale dzina.