Utsi wa M'kompyuta ya Achimwene

Mumsewu wa kuseri kwa msika panalibe amene ankavutika n'kufunsa dzina lenileni la bambo wokonza mawailesi uja. Aliyense ankangoti a Mawaya, iwo n'kumayankha. Kashopu kawo kanali pakati pa telala ndi wometa tsitsi, kopanikizika moti kasitomala wonenepa ankachita kulowa cham'mbali. Sukulu analekeza panjira, koma manja awo anali ndi nzeru zawozawo. Anayamba ndi mawailesi a mabatire, n'kufika pa ma TV a chimsana aja. Mafoni atachuluka ntchito inayamba kuwathawa, chifukwa tinthu ta m'foni timafuna maso akuthwa, pomwe awo anali atayamba kuchita nkhungu. Kuchipatala anawapatsa magalasi. Tsiku loyamba kuwavala, telala anaseka mpaka kugwetsa sizasi, amvekere, "Taonani pulofesa wafika!" Kuyambira pamenepo magalasiwo ankagona m'dilowa.

Wophunzira m'banja mwawo anali mkulu wawo, kalaliki wa pakampani yonyamula katundu. Kalekale achimwene awowo anapeza makompyuta awiri a m'nyumba, aja ongooneka ngati kiyibodi yonenepa, olumikiza ku TV. Yabwinoko, yokhala ndi polowetsa disiki, anasunga okha. Inayo, yosungira zinthu pa kaseti, anapatsa mng'ono wawo kuti aiphwasule aphunzirepo. A Mawaya sanaiphwasule. Anaisamala zaka makumi atatu, ndipo inkayakabe. Achimwene awo nawo Lamlungu lililonse masana ankakhala pa yawo n'kumalemba, osauza munthu zimene akulembazo, mpaka matenda a shuga anawatenga.

Patatha zaka ziwiri chimwalirire achimwenewo, kasitomala wina anawabweretsera a Mawaya mapepala amene anasindikiza kuchokera pa intaneti. Anali mapulani a kachipangizo kotchedwa adaputa, kamene anthu okonda makompyuta akale amapanga kuti makina awo okalambawo azilankhulana ndi atsopano. A Mawaya Chingerezi cha pamapepalapo ankangodumpha, koma zojambulazo ankazimva ngati chilankhulo cha kwawo. Miyezi itatu anakhala akuwotcherera kabolodi kobiriwira kokula ngati chikhatho. Mbali imodzi kankalowa kumbuyo kwa kompyuta yakale, mbali inayo kankalandira waya wa netiweki. Tsiku limene anakayesa, anakoka waya kudutsa pawindo mpaka pa laputopu ya wometa. Analemba pa kompyuta yawo yakale kuti "mwadzuka bwanji", mawuwo n'kutulukira uko. Wometa anasiya munthu mutu uli theka n'kuthamanga kudzaona ngati panalibe matsenga.

Sabata imeneyo a Mawaya anayenda chodzitukumula. Nkhani inafika kwa alamu awo, mkazi wa malemu achimwene, mayi wofatsa amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Lachitatu m'mawa anatulukira pashopu atanyamula kompyuta ya malemu, yokulunga m'nsalu ya patebulo, ndi kabokosi ka madisiki.

"Alamu," anatero mayiwo, "ndamva kuti mwapanga zodabwitsa. Zimene ankalemba achimwene anu zili m'madisiki umu, koma makompyuta a masiku ano alibe polowetsa. Mwana wanu namwino akubwera kumapeto kwa mwezi ndi laputopu yake. Kodi sizingatheke kuti mawu a bambo ake awolokere kumeneko?"

"Imeneyo ndi ntchito ya tiyi asanazizire," anayankha a Mawaya. "Pitani mukagule zanu, mukamabwerera mudzapeza zatheka."

Kumbuyo kwa kompyuta ya malemu kunali kosiyana pang'ono ndi kwa yawo, choncho panafunika kupanga waya wina, wa timawaya makumi awiri topyapyala ngati ulusi, kalikonse ndi mtundu wake. Kena kofiira kankanyamula magetsi. Kena kofiirira kankanyamula mawu. A Mawaya anayang'ana dilowa momwe munali magalasi aja, n'kuyang'ananso telala amene anali atakhala pakhomo pake akusoka batani. Dilowayo sanaitsegule. Mita yoyezera magetsi inali pomwepo patebulo, koma anaona ngati kuyeza kuwachedwetsa.

Atayatsa, panamveka kuti thu! Kautsi kotuwa kanatuluka m'timabowo ta pamwamba, fungo la pulasitiki yopserera n'kudzaza shopu yonse. Anazula waya msangamsanga, koma zinali zitatha kale. Atatsegula anapeza katchipi kamodzi, kanthu kakuda ka timiyendo tambiri, katatupa n'kung'ambika pakati. Apa m'pamene anavala magalasi aja, n'kuona bwinobwino kuti kofiira anakaika pamalo pa kofiirira.

"A Mawaya, mwapsereza chiyani uko?" anafuula telala.

"Kawailesi ka munthu, kanali kakufa kale," anayankha, thukuta lili chuchuchu.

Anatsegula chitseko ndi windo, n'kumakupiza ndi katoni. Pamene alamu awo ankabwerera, kompyutayo inali itatsekedwa bwinobwino, yopukuta.

"Alamu, kodi munkaisunga pati?" anafunsa a Mawaya, maso ali pa sikuludiraiva.

"Pansi pa bedi, m'katoni. Bwanji?"

"Basi ndi chimenecho. Chinyezi. Yadyeka mkati monse. Ndayatsa, yangoti zii."

Mayiwo anakhala pa kabenchi ka makasitomala, jumbo ya zogula ili pamiyendo. Kenako anati, "Ndiye kuti ndaipha ndine." Mpata wonena zoona unalipo, waukulu ndithu. A Mawaya anangonena kuti zinthu zakale zimatero. Alamu awo anawathokoza chifukwa cha kuyesa, n'kusiya kompyutayo pomwepo, kuti mwina zina za mkatimo zingawathandize pantchito.

Masabata atatu otsatira a Mawaya anali munthu wina. Njira yachidule yopita kushopu inkadutsa pa nyumba ya alamu awo, koma anayamba kuzungulira cha kusiteji ya mabasi. Wometa akabweretsa anthu kuti adzaone adaputa yotchuka ija, ankawauza kuti yawonongeka. Kunyumba akazi awo anawafunsa kuti, "Inu abambo, bwanji mukudya ngati mlendo?" Iwo anati ndi mutu.

Namwino uja atabwera, banja lonse linaitanidwa Lamlungu masana. Anakhala pabalaza, tiyi ali patebulo, laputopu ili pambali yosatsegula. Mayi ake anayamba kupepesa kuti zolemba za bambo ake sizitulukanso chifukwa anasunga kompyuta pachinyezi.

"Amayi, si ndinakuuzani kuti muiike pamwamba pa wadiropu?" anatero namwino mokalipa. "Chinthu chimodzi chokha chimene ababa anatisiyira! Mumangomva zanu zokha."

Mayiwo anaphimba nkhope ndi mpango n'kuyamba kulira chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Namwino anatembenukira kwa a Mawaya. "Bambo aang'ono, zikomo poyesetsa. Inu mbali yanu munachita." A Mawaya anagwira kapu ndi manja awiri, n'kumayang'ana nyerere imene inkayenda m'mbale ya shuga.

Pobwerera, atangokhota pakona, akazi awo anaima pakati pa msewu.

"Ndachapa malaya anu zaka makumi atatu," anatero. "Lachitatu lija ankanunkha chopserera. Chinyezi sichinunkha choncho. Ine ndimadikira kuti munene nokha, koma lero mwamusiya mayi wamasiye akunyozedwa ndi mwana wake, inu mukumwa tiyi wake. Ine manyazi andigwira m'malo mwanu."

Lolemba m'mawa a Mawaya sanatsegule shopu. Anapeza alamu awo akuyanika zovala kuseri, namwino akutsuka makapu pampopi. Anawapatsa mpando, koma anakana kukhala. Anatulutsa katchipi kong'ambika kaja m'thumba, n'kukaika pa beseni lovundikira, n'kufotokoza zonse: za mawaya awiri, za magalasi, za utsi, za katoni imene anakupizira. Polankhula ankayang'ana zala za kumapazi.

Namwino anafuna kulavula moto, koma mayi ake anamuletsa ndi dzanja.

"Kuwotcha si mlandu, alamu," anatero mayiwo pang'onopang'ono. "Dzanja limaphonya. Achimwene anu nawo anandiwotchera diresi ndi simbi tili achinyamata. Koma masabata atatu ine ndakhala ndikupepesa kwa munthu wakufa. Ndinakolopa pansi pa bedi paja kanayi, kufunafuna chinyezi chanucho." Anatenga malaya ena m'ndowa n'kuwakung'untha. "Pitani. Pakadali pano ndilibe mawu ena."

A Mawaya anapita kushopu n'kutsitsa kompyuta yawo ya makaseti pashelefu. Katchipi kamene kanapsa kanali kofanana ndi kamene kanali m'menemo, ndipo ankadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba, kungoti mtima unkakana. Timatchipi totere anasiya kupanga kalekale, moti ukakachotsa ndiye kuti makinawo wawapha. Anakachotsa mwendo umodziumodzi n'kukawotcherera m'kompyuta ya malemu, masiku awiri, magalasi ali pamphuno. Telala anasuzumira, n'kutsegula pakamwa kuti aseke, koma ataona nkhope yawo anabwerera pa makina ake. Waya uja anaupanganso, ndipo akazi awo anabwera kudzakhala pambali n'kumatchula mtundu wa kawaya kalikonse, iwo n'kumayeza ndi mita kawirikawiri.

Lachinayi namwino anabwera ndi laputopu, yekha. Moni wake unali wa pamwamba pa milomo. A Mawaya anayatsa kompyuta ya malemu ija. TV inachita buluu, zilembo n'kubwera. Analowetsa disiki yoyamba, inalira kuti khrr khrr, kenako mizere inayamba kutsika pa laputopu ija. Pa madisiki khumi ndi anayi, atatu anakana kuwerengeka. M'madisiki otsalawo munali makalata opita kunyuzipepala odandaula za ngalande ya mumsewu wawo, amene sanatumizidwe. Munali mndandanda wa mankhwala, ndi nkhani yaitali ya mmene malemu anakumanirana ndi mkazi wawo pamzere wa kubanki, yolembedwa katatu, ulendo uliwonse mosiyanako. Namwino anawerenga ataimirira, akuseka kwinaku akupukuta m'maso. Pochoka anangoti, "Ndikawaonetsa amayi."

Alamu awo sanatumize mawu. Pamisonkhano ya banja ankawapatsa moni waulemu, wopanda nthabwala za pachilamu zimene ankakonda kale. Mvula isanayambe wailesi ya alamuwo inasiya kulira, ndipo a Mawaya anamva kwa wometa kuti mayiwo akwera nayo basi kupita kwa wokonza wina wa kutauni. Chaka chotsatira m'pamene mayiwo analowanso m'kashopu kaja, atanyamula ketulo yamagetsi. Anaiika patebulo n'kukhala pabenchi.

"Ndidikira pompano," anatero. "Konzani ndikuona."

A Mawaya anati chabwino, n'kuyamba kumasula.